Phillies yatulukanso, anthu akulusira bullpen koma ine mlandu ndikuuona kwina

Eish abale, Phillies, timu yathu ya baseball ya kuno ku Philadelphia, yatichititsanso manyazi. Ma gemu 95 tinawina chaka chino cha 2024, division ya NL East tinaitenga koyamba chichokereni 2011, osewera athu 8 anasankhidwa kupita ku All-Star, kenako October atangofika ma gemu anayi okha basi tapakira zikwama, ndipo otitulutsa ake ndi a Mets a ku New York, anthu oti malo a playoff anawapeza movutikira tsiku lomaliza lenileni ku Atlanta. Akanakhala a Dodgers bwenzi tikungoti chabwino akuluakulu atiposa, koma Mets? Kuno ku Philadelphia kuluza kwa timu ya ku New York kumawawa kawiri chifukwa mawa lake ukakumana nawo ku ntchito atavala zipewa zawo zabuluu zija akumwetulira okha.

Ndikudziwa ambiri amene mumawerenga kuno baseball simuitsata, ndiye ndifotokoze pang'ono kuti tiyendere limodzi. Gemu imakhala ndi zigawo 9, timati ma inning, ndipo inning iliyonse timu imamenya mpira mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa, kenako amasinthana. Womenya akaumenya bwino mpira nkufika pa base, malo oimapo a m'bwalo, timati hit, akazungulira ma base onse nkubwerera pomwe anayambira ndiye run, chigoli chake, ndipo akautumiza kuseri kwa mpanda ndi home run. Woponya mpira uja ndi pitcher. Amene amayamba gemu amaponya ma inning 5 kapena 6, akakhala katswiri 7, mkono ukatopa kochi amamuchotsa ndipo akachoka sabwereranso gemu imeneyo. Ma inning otsalawo amamaliza anyamata ena amene amakhala kuseri kwa mpanda kumapeto kwa bwalo akutenthetsa mikono kudikira foni ya kochi, amenewo ndiye bullpen. Ntchito yawo ndi yowawa, ukachita bwino palibe amakutchula, ukalakwitsa mpira umodzi dzina lako lili pa wailesi sabata yonse.

Ndiye chiyambireni Lachitatu usiku, pa 9 October pomwe tinatulutsidwa, tauni yonse nkhani ndi bullpen, bullpen, bullpen. Mu sitima ya Broad Street, pa mzere wa khofi ku Wawa, pa wailesi ya zamasewera ya 94 WIP ndiye musachite kufunsa, anthu akuimba foni kuyambira m'bandakucha mpaka pakati pa usiku, wina akufuna kochi Rob Thomson achotsedwe lero lomwe, wina akuti Dave Dombrowski, bwana wogula osewera, mu July anagula zosathandiza, wina akungokuwa osamveka chimene akunena koma ukumva kuti munthuyu mtima ukumupweteka zenizeni. Ndipo sindikuwatsutsa kuti bullpen inachita bwino ayi, inavunda. ERA yawo mu series yonse inali 11.37, kutanthauza kuti akanati aponye gemu yathunthu bwenzi akupereka ma run opitilira 11. Zimenezo ngakhale mayi ake a pitcher sangaziikire kumbuyo.

Koma tiyeni tione gemu yoyamba ija ya pa 5 October bwinobwino. Ine ndinali pa shifiti, ndimagwira ku nyumba yosamalira okalamba, ndiye TV ya pa balaza inali pa gemu ndipo agogo ena amene amakonda timuyi kufa nayo anali pa wilitcheya yawo kutsogolo kwenikweni, chipewa chofiira kumutu, kathawulo kofiira pa bondo. Kyle Schwarber, munthu woyamba kumenya, anangoti phaa mpira wa Kodai Senga mpaka m'mwamba mwa sitandi, 1-0, Citizens Bank Park yonse kugwedezeka, ife pa balaza kukuwa mpaka nesi kutuluka mu ofesi kudzationa. Pitcher wathu Zack Wheeler naye tsiku limenelo anali chilombo, ma inning 7, hit imodzi yokha, ma strikeout 9, kutanthauza anthu 9 otulutsidwa osaumenya mpira m'bwalo, a Mets amangomenya mphepo. Koma ma inning amapita, sikolo ili pompo, 1-0, 1-0, 1-0. Itakwana inning ya 6 agogo aja anandikodola, ndinaganiza akufuna madzi, koma anangoti mwanawe, run imodzi si yokwanira, gemu iyi taluza kale. Ndinati ayi agogo, Wheeler ali bho lero. Anangopukusa mutu. Munthu ameneyu anaona 1964, chaka chimene Phillies inali patsogolo ndi ma gemu 6 ndi theka kutatsala ma gemu 12 okha kenako nkuluza 10 motsatizana, ndiye zinthu zikamanunkha amazimva patali.

Inning ya 8 Wheeler wapuma, walowa Jeff Hoffman, anthu atatu amene anakumana nawo onse anafika pa base, walowa Matt Strahm naye sizinamuyendere, Orion Kerkering kubwera moto unali utakula kale, ma run 5 inning imodzi. Gemu inatha 6-2. Anthu mu sitediyamu kuwakuwiza, ena kuyamba kutuluka.

Tsopano funso langa ndi ili, kuchokera pa home run ya Schwarber mpaka inning ya 8, omenya athu anali kuti? Senga anali atangochokera kovulala, season yonse anali ataponya gemu imodzi yokha, ndipo tsikulo anaponya ma inning awiri basi, otsalawo inali bullpen ya Mets imene inali yotopa kale ndi maulendo a Atlanta ndi Milwaukee. Anthu olandira mamiliyoni ankhaninkhani analephera kuwonjezerapo ngakhale run imodzi kuti Hoffman alowe akupuma bwino. Ena amati mthunzi wa madzulo umasokoneza maso chifukwa gemu inayamba cha m'ma 4 koloko, chabwino, koma mthunziwo unali wa timu zonse ziwiri.

Ndipo Hoffman ndi Strahm amene anthu akuwatukwanawa si ana a dzulo kapena anthu ongotoledwa, onse awiri anali ku All-Star mu July momwemu, Strahm anamaliza season ndi ERA ya 1.87, Hoffman 2.17. Miyezi 6 yathunthu atinyamula amenewa. Zili ngati kwathu ku mpira wamiyendo, ma striker aphonya zigoli gemu yonse, goloboyi wagwira, wagwira, wagwira, kenako mphindi ya 88 umodzi wamupulumuka, masapota onse pa geti akudikira goloboyi, striker uja wadutsa pambali ndi mahedifoni ake palibe womufunsa.

Tiwerenge ma run. Gemu yoyamba 2, yachiwiri 7, yachitatu 2, yachinayi 1. Onse pamodzi 12, ndipo 7 mwa amenewo ndi a tsiku limodzi. Ma gemu atatu amene tinaluza tinapeza ma run 5 okha. Timu yonse batting average yake inali .186, ndiye kuti mwa maulendo 10 opita kukamenya osakwana awiri ndi amene amabala kanthu. J.T. Realmuto series yonse osapeza hit ngakhale imodzi. Alec Bohm, amene miyezi yoyamba ya season amamenya ngati wamisala, zinafika poti gemu yachiwiri kochi anamuyambitsa pa benchi, munthu wa All-Star, mu playoff. Ndi sikolo zoterozo ungakhale ndi bullpen ya angelo sungapite patali.

Chimene chimandinyansa ine si kulephera kumenya kokha ayi, baseball ndi yovuta, ngakhale katswiri amalephera maulendo 7 mwa 10. Ndi kalepheredwe kake. Ma pitcher a Mets anazindikira kuti anyamatawa safuna kudikira, ndiye bwanji uwaponyere mpira wabwino? Amangoponya slider yothawira kunja, changeup yogwera m'dothi, athu nkumathamangira, bat ili uko mpira uli uko. Ukaonera pa TV pali kabokosi kaja kosonyeza strike zone, ndiye umachita kuona kuti mpira uwu wadutsa kutali ndi bokosi koma munthu wazungulira thupi lonse mpaka chipewa kugwa. Gemu yachitatu ku Citi Field, inning ya 6, Sean Manaea anayamba kutopa, anapereka walk kwa Schwarber, kutanthauza kumupatsa base yaulere chifukwa choponya mipira inayi kunja kwa bokosi lija, walk kwa Trea Turner, anthu awiri pa base palibe out, akubwera Bryce Harper. Apa ndi pomwe timu yanzeru imamusiya pitcher adzikole yekha. Harper mipira itatu, strikeout. Nick Castellanos anamenya bwino koma molunjika munthu, double play, anthu awiri kutulutsidwa nthawi imodzi, inning yatha, Manaea akutuluka akukuwa ndi chimwemwe. Gemu inatha 7-2 ndipo ine series ndinaiona kuti yathera pamenepo, osati pa home run ya Francisco Lindor wa Mets ya mu gemu yachinayi.

Za Lindor tinene ndithu poti ndi zimene aziwonetsa pa TV zaka zikubwerazi. Gemu yachinayi, 9 October, pitcher wathu Ranger Suárez anadzaza ma base inning yoyamba ndi yachiwiri koma anapulumuka konse kuwiri, mwamwayi ndi mwaukatswiri. Ife run yathu imodzi ija sitinaimenye nkomwe, anatipatsa ndi Mark Vientos atalephera kugwira mpira pa third base. 1-0 kachiwiri. Inning ya 6 Hoffman, amene anali atalowa kale inning ya 5, mkono unamuthawa, hit, kumenya munthu ndi mpira, walk, ma base onse odzaza. Thomson anaitana Carlos Estévez, closer, pitcher wotsekera gemu, amene tinamutenga ku Angels mu July, ndipo Francisco Lindor anaukumana mpira wa 99 mph nkuutumiza kuseri kwa mpanda, grand slam, ma run anayi nthawi imodzi, 4-1. Kutsogoloko tinali ndi ma inning atatu oti tibweze, inning ya 9 closer wa Mets Edwin Díaz anatipatsa ma walk awiri aulere, Schwarber anabwera ali ndi mwayi wofananitsa sikolo, strikeout, season yatha.

Pa WIP mkangano waukulu ndi woti Thomson anachedwa kumuchotsa Hoffman, ena akuti ayi anafulumira kumulowetsa, ena akuti Estévez samayenera kuponya fastball pamenepo. Zonsezo ndi nkhani zabwino zokambirana pa mowa. Koma aliyense amene akudziwa timuyi akuyenera kuvomereza kuti zimenezi taziwonapo. 2022 World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, ndi Houston Astros, gemu yachitatu tinamenya ma home run 5, tauni yonse kuyamba kukonzekera parade, mawa lake Astros anatiponyera no-hitter, gemu yonse osapeza hit ngakhale imodzi pakhomo pathu. Gemu ya 6, Schwarber home run, 1-0, Wheeler achotsedwa, José Alvarado alowa, Yordan Alvarez aphulitsa ya ma run atatu. Aliyense amakumbukira Alvarado ndi Thomson, koma ma gemu atatu omaliza aja tinapeza ma run atatu okha. 2023 ndi Arizona, tinatsogola 2-0, Craig Kimbrel anawononga ma gemu awiri ku Phoenix ndipo mpaka lero dzina lake ukalitchula mu bala anthu amasintha nkhope, koma tinabwerera kunyumba tikutsogola 3-2, kungofunika kuwina imodzi mwa ziwiri, sitediyamu yodzaza, tinaluza 5-1 ndi 4-2. Kimbrel ndi amene anagwira ma bat masiku awiri amenewo? Zaka zitatu, matenda amodzimodzi, ndipo chaka chilichonse tikutuluka msanga kuposa chapitacho, World Series, kenako NLCS imene ili ngati semifainolo, pano NLDS imene ili ngati kotafainolo.

Timuyi inamangidwa pa home run, ndipo zikamayenda palibe chokoma kuposa pamenepo, October wa 2022 ndi amene anandikokera ine ku masewerawa, ndinkangoona anthu akukwera mapolo a magetsi pa Broad Street ndikudabwa kuti chavuta nchiyani. Koma home run ikasowa alibe njira ina yopezera run. Sadziwa kutopetsa pitcher, sadziwa kukankhira munthu kuchoka pa second kupita pa third, aliyense akabwera akufuna akhale ngwazi ya usiku umenewo. Ndipo zizindikiro zinalipo, pofika All-Star break tinali 62-34, timu yabwino kuposa onse mu ligi, kuchokera pamenepo 33-33. Theka lonse la season tinali timu wamba, kungoti zimene tinasunga mu May ndi June zinatibisa.

Pali gulu lina likuti vuto ndi masiku 5 opuma amene timu zochita bwino zimapatsidwa pomwe anzawo akusewera Wild Card, akuti ma bat amazizira. Kkkkk koma anthu inu. 2022 Braves ya ku Atlanta inawina ma gemu 101, inapuma, tinaitulutsa. 2023 inawina 104, inapuma, tinaitulutsanso, ndipo masapota a Atlanta atadandaula za kupumako ife tinawaseka mpaka misozi, tinati ndi zifukwa za anthu oluza. Lero zatigwera ife ndiye zasanduka zoona? Ayi, tisamatero.

Kunena za kukuwiza, anthu akunja amakonda kunena kuti masapota a Philadelphia ndi ankhanza, ndipo inde pakamwa pawo si pabwino, ine poyamba zinkandidabwitsa kuona bambo wamkulu ali ndi mwana wake pambali akutukwana player wa timu yake yomwe. Gemu yachiwiri Castellanos atathamangira mipira ya m'dothi kangapo, kenako nkuusiya umodzi, sitediyamu inamuwombera m'manja monyoza, iye kuchita kuoneka kuti zamukwiyitsa. Inning ya 6 Harper home run, Castellanos naye pompo home run, ndipo inning ya 9, Strahm atapereka home run kwa Vientos sikolo nkukhala 6-6, ndi Castellanos yemweyo amene anamenya hit yowinitsa, 7-6, anthu omwe aja kumuimbira dzina. Kunena zoona mu series yonseyi iye ndi Harper ndi amene anayesako. Ndiye ena amati masapotawa ndi achinyengo, ine ndimati ayi, amangokuuza zimene akuona nthawi imeneyo. Ndi anthu omwewa amene mu August 2023, Turner atasokonekera chaka chake choyamba cha contract ya $300 million, anagwirizana kuti m'malo momukuwiza aimirire nkumuwombera m'manja, ndipo munthu uja anadzuka nkuyamba kumenya. Ndi omwewanso amene mu 2022 Bohm atalakwitsa katatu gemu imodzi, kamera nkumugwira akunena kuti malo ano amadana nawo, iye nkuvomera osabisa, mawa lake anamulandira ataimirira. Timu iyi ilipo kuyambira 1883 ndipo World Series yawina kawiri kokha, 1980 ndi 2008, inalinso yoyamba kukwanitsa kuluza ma gemu 10,000, ndiye mkwiyo wa anthuwa ndi wa chibadwa, anatengera kwa makolo. Akuluakulu mpaka lero akamva za closer amayamba nkhani ya 1993 pomwe closer wathu Mitch Williams anapereka kwa Joe Carter home run yotiluzitsa World Series, mwina nchifukwa chake kuno bullpen ikangolakwa anthu sayang'ananso kwina.

Mnzanga wina wa ku ntchito, wochokera ku West Africa koma baseball anailowa kuposa ine, akuti ndikuwakomera mtima ma pitcher, akuti timu yaikulu imayenera kudziwa kuteteza 1-0, ndi chifukwa chake closer amalipidwa. Tinakangana break yonse mpaka chakudya kuzizira mu microwave. Mfundo yake ndikuimva, Mets inapeza ma run 23 ndipo ambiri mwa iwo anabwera kuyambira inning ya 6 kupita kutsogolo, zimenezo sizabwino. Koma kuteteza 1-0 kumatheka kamodzi mwa apo ndi apo, sungakupange kukhala pulani ya October yonse pamene omenya ako ndi amene akudya gawo lalikulu la malipiro. Reliever akalowa sikolo ili 4-0 amaponya momasuka, akapereka walk palibe vuto, akalowa ili 1-0 mpira uliwonse ndi wa moyo kapena imfa, anthu 45,000 ali chiimire, mkono umauma. Ndipo mu series yaifupi omenya a timu inayo amakuona lero, mawa, mkuja, slider yako amayamba kuizolowera, makamaka a Mets oti tili nawo division imodzi ndipo takumana nawo season yonse mpaka ku London mu June.

Chondiwawa kwambiri ndi Wheeler. Munthu ali ndi zaka 34, akuponya mpira wabwino kwambiri pa moyo wake, ndipo zaka zimenezi sizibwerera. Harper akukwanitsa 32 mwezi uno wa October 2024, Realmuto ali ndi 33, catcher wa zaka zimenezo mawondo amayamba kulankhula.

Tsono pomwe ndikulemba izi mu October 2024, chimene chichitike ndikuchiona kale. Hoffman ndi Estévez ma contract awo atha, ndi ma free agent, mwina onse apita ndipo anthu ena asangalala kuti zinyalala zachoka. Koma omenya aja palibe kopita, Harper anasaina zaka 13 mu 2019 za $330 million, ali pano mpaka 2031, Turner mpaka 2033, Castellanos mpaka 2026, Schwarber ndi Realmuto atsala ndi chaka chimodzi. Ndiye February akadzakumana ku Clearwater ku spring training, bullpen idzakhala ya nkhope zatsopano koma mzere wa omenya udzakhala womwewu, mwina kusintha mmodzi kapena awiri, Bohm ndi amene dzina lake likumveka kwambiri kwa oimba foni kuti agulitsidwe. Ngati hitting coach Kevin Long sawakhazika pansi nkuwauza kuti walk nayo ndi chakudya, tidzawinanso ma gemu 90 ndi kanthu, tidzagulanso ma t-shirt a Red October, kenako tidzapeza reliever wina watsopano woti timutukwane.

Mets ikukayamba NLCS ndi Dodgers Lamlungu ku Los Angeles, ndipo ine amene sindinaikondepo Dodgers ndikhala ndikuisapota ndi mtima wonse, katswiri wawo Ohtani awamenye basi. Pa wailesi m'mawa uno theka la oimba foni anali atasamukira kale ku Eagles, timu yathu ya American football, akuti kochi wake Nick Sirianni naye achotsedwe, ndipo timuyo ili 2-2 chabe.